Mayi Lines ndi Nambala 14

Lamulungu pa 9 Julaye 1995, ulaliki utatha, mlembi wa mpingo wathu wa kuseri kwa Madisi anaimirira, anavala magalasi, nawerenga chidziwitso chachikulu cha sabata imeneyo. Komiti Yaikulu yokonzekera ukwati wa Fletcher ndi Tadala, itakumana ndi kulingalira mozama, inali itakhazikitsa Komiti Yaing'ono Yoona za Nyimbo ndi Kalowedwe ka Mkwatibwi. Komiti yaing'onoyo inali ndi wapampando, wachiwiri kwa wapampando, mlembi, wachiwiri kwa mlembi ndi membala wamba mmodzi. Molingana ndi nyengo yatsopano imene dziko lathu linali litalowamo, inalonjeza kumva maganizo a munthu aliyense mosaopa ndi mosakondera. Mlembi anavula magalasi. Mpingo unati ameni, poti unazolowera kutero munthu wa jekete akakhala pansi.

Pa benchi yachiwiri kuchokera kukhomo, mbali ya amayi, munthu mmodzi sanati ameni. Anali Mayi Lines, amake a mkwatibwiyo. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri, m'dera lino palibe anafunsapo kuti mkwatibwi alowa ndi nyimbo yanji, chifukwa yankho linkadziwika, ndipo yankholo linali iwowo. Tsopano pa ukwati wa mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, nkhaniyo inafunika anthu asanu ndi kope lolembamo zokambirana.

Mayi Lines anafika kuno mu 1974 pa lole yopanda denga, kuchokera ku Phalombe, ali ndi amuna awo a Isake, mphasa imodzi ndi pathupi pa miyezi isanu. Munthu amene ankalemba matenanti anawauza kuti ndi nkhani ya dzinja limodzi basi: kulima fodya pa esiteti, kugulitsa, n'kubwerera kwawo ndi malata. Pofika 1995 anali akadali pa mzere womwewo wa nyumba za matenanti, nyumba yachinayi kuchokera pa chigafa chachikulu chosungiramo fodya, ndipo denga lake linali la udzu. Anabereka ana asanu ndi mmodzi. Atatu ali kumanda a kuseri kwa esiteti, kumene amaika anthu opanda mudzi. Ife akuno ndife aulemu kwambiri, sitiwanyoza anthu oterewa. Timangowatcha obwera.

Kuimba anakuyamba atapsa mtima. Mu 1976 mwana wa tenanti wina anakwatiwa, ndipo amayi a m'midzi yozungulira, amene ankaperekeza akwatibwi ndi nyimbo, onse anapezeka kuti atanganidwa tsiku limenelo. Mtsikanayo anaima pakhomo la tchalitchi, diresi loyera, kutsogolo kwake fumbi lokhalokha, popanda womutsogolera. Mayi Lines, Tadala ali kumbuyo, anamasula chitenje chawo chapamwamba, anachiyala pansi, nayamba nyimbo. Mzere woyamba palibe anavomera. Wachiwiri anavomera Mayi Kezia, mayi wa kuno konkuno amene munda wawo unachita malire ndi esiteti, ndipo pa chifukwa chimenecho abale awo ankawaona ngati wobwera watheka. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa sanasiyane: a Lines kutsogolera, a Kezia kuvomera ndi kang'oma kawo kukhwapa.

Ntchitoyi ili ndi kachitidwe kake, ngakhale amene sanaiyang'anitsitse amaganiza kuti ndi kungofuula. Maukwati kuno amachitika fodya akagulitsidwa, pamene dothi lathu lofiira limakhala ngati ufa. Kuchokera pakhomo la tchalitchi kukafika ku holo ya sukulu, komwe kumakhala madyerero, pali mapazi ngati mazana atatu. Amayi asanu ndi atatu amayala zitenje pansi, mkwatibwi n'kumapondapo. Chitenje chikapondedwa, mwini wake amachitola, kuchikutumula, kuthamanga nacho kutsogolo n'kuchiyalanso. Woimba sayang'ana anthu. Amayang'ana mapazi a mkwatibwi ndi manja a oyalawo. Mkwatibwi akadzandira ndi nsapato zachilendo, woimba amakoka mawu mpaka phazi likhazikike. Woyala wina akachedwa, amabwereza mzere. Ndipo m'nyimbomo amanena kuti mwanayu ndi wa ndani: amake, agogo ake, mfunda wake, mtsinje umene ankatungako madzi, kuti akuchimuna adziwe kuti sanatole munthu pamsewu. Palibe mkwatibwi wa Mayi Lines amene anafikapo pa mpando wake diresi litafiira. Izi amazinena okha, ndipo ngakhale amene sawakonda sanawatsutsepo.

Panali nyimbo imodzi imene sanaimbepo pagulu. Anaiyamba Tadala ali ndi masiku atatu, ndipo ankaionjezera pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, akusoka fodya m'chigafa. Munali phiri la Michesi, munali mayina a amayi anayi otsatizana a ku Phalombe, munali ulendo wa pa lole uja. A Kezia okha ndiwo ankadziwa povomera.

Luso silibisika, makamaka kwa akuluakulu amene akulifuna laulere. Mu 1979 a Howard, mphunzitsi, amene analinso mlembi wa nthambi ya chipani, poti nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi chokha, anawamva akuimba pa ukwati wina. Sabata yotsatira anafika pa esiteti pa njinga yawo ya buluu, pepala lili m'thumba. Anali atalemba mawu atsopano pa maimbidwe omwe aja: pamene panali dzina la amake mkwatibwi panalowa dzina la chipani, pamene panali mtsinje panalowa chitukuko. Mayi Lines sadziwa kuwerenga, choncho a Howard anawawerengera okha katatu, kenako anawafunsa ngati ali ndi khadi la chipani la chaka chimenecho. Kuyambira pamenepo, kwa zaka khumi ndi zinayi, lole inkabwera kudzawatenga kukaimba pa misonkhano ya chipani. Ku Mponela, ku boma la Dowa, tsiku lina mpaka ku Ntchisi, kukaima padzuwa kuyambira m'mawa kudikira alendo ofika madzulo. Fodya ankapserera m'munda. Ana aang'ono ankatsala ndi Tadala. Palibe anawafunsa maganizo awo.

Mu 1993 a Howard anazindikira kuti mumtima mwawo anali wa matipate kuyambira ali mwana. Kuzindikira kotereku kunagwira amuna ambiri a majekete chaka chimenecho, ngati chimfine. Tsono Fletcher, mkwatiyo, mphunzitsi wofatsa amene sananenepo mawu okwana khumi pa nkhani yonseyi, ndi mwana wa mlongo wawo. Choncho a Howard, monga malume, ndiwo anali wapampando wa Komiti Yaikulu. Ndipo Komiti Yaikulu itafunafuna munthu woyenera kutsogolera Komiti Yaing'ono, inapeza a Howard.

Komiti Yaing'ono inakumana Lachitatu 2 koloko masana kunyumba kwa wapampando. Aliyense anali wololedwa kubwera. Zinangochitika kuti Lachitatu 2 koloko m'mwezi wa Julaye tenanti aliyense amakhala m'chigafa akusankha fodya, kapitawo ataima pakhomo. Voti inayenda mwa dongosolo: zitini ziwiri kuseri kwa chitseko, china cha kaseti, china cha ng'oma, munthu aliyense njere imodzi ya chimanga. Kaseti inapeza njere zinayi. Ng'oma inapeza imodzi, ndipo wapampando anapempha kuti njereyo ilembedwe bwinobwino, monga umboni wakuti otsutsa alipo ndipo sanamangidwe.

Mayi Lines anamva zotsatirazo Lachinayi kwa a Kezia. Anasiya fodya pomwepo, osasamba n'komwe m'manja, anadutsa kapitawo ngati ndi chitsa, nayenda mtunda wonse mpaka kunyumba za aphunzitsi. Anapeza a Howard ali pakhonde, akumvera nkhani za masana.

"Aa, asewere! Fikani, fikani. Mpando uwo."

"Sindikhala. Ndamva kuti mwana wanga alowa ndi wailesi."

"Si wailesi, asewere, ndi kaseti. Komanso si ine ayi. Ndi anthu asankha."

"Anthu ake ati?"

"Komiti."

"Komitiyo ndiyo inamubereka?"

A Howard anaseka kaseko kaulemu, natsitsa wailesi yawo.

"Mukudziwa, zinthu zasintha. Pa ukwati umenewu kubwera mlendo wolemekezeka wochokera ku boma latsopanoli. Tsono nyimbo zanu zija ndi zabwino, palibe akukana. Koma maimbidwe ake, munthu akangomva, amakumbuka zinazake. Amaona lole, amaona mbendera. Ife sitikufuna ndale pa ukwati wa ana."



"Achimwene, ndalezo anazilowetsa m'nyimbo zanga ndani?"

"Inali nthawi imeneyo, asewere."

"Nthawi imeneyo inkakwera njinga ya buluu? Inali ndi pepala m'thumba? Nyimbo zija ndinkaimbira ana a anthu inu musanazimve n'komwe. Munabwera nokha, munachotsa dzina la mayi wa mwana n'kuikapo zanuzo. Zaka khumi ndi zinayi ndapsa ndi dzuwa pa lole yanu. Lero mwasamba, mwavala jekete lina, fungo mwasiya pa ine?"

"Tsitsani mawu, kukudutsa anthu."

"Adutse! Si mukuti kwabwera ufulu wolankhula?"

"Wabwera, koma uli ndi njira zake." A Howard anakonza kolala ya malaya. "Ndipo mwina mbali yabwino simunaimve. Komiti yakukwezani. Mayi wa mkwatibwi sangamathamange m'fumbi ngati wantchito. Inu mudzakhala pa tebulo lapamwamba, pambali pa mlendo wolemekezeka. Mlongo wanga akubwerekani chipewa ndi magolovesi."

Nzeru imeneyi si ya a Howard okha. Boma lililonse limadziwa kuti munthu wofuula ukamupatsa mpando wa kutsogolo amasowa pofuulira.

"Ndikamuuza mwini wake," anatero Mayi Lines. "Tione ngati Tadala angalole zimenezi."

"Pitani ndithu, mukamufunse," anayankha a Howard modekha, ndipo kudekha kumeneko kukanayenera kuwachenjeza.

Tadala anafika Fomu 2, ndipo ankagwira ntchito yotaipa makalata kwa wamalonda wina wogula mbewu pa Mponela. Loweruka amake anamupeza kuseri kwa sitoloyo, pamodzi ndi operekeza ake, atsikana asanu ndi mmodzi ndi amuna asanu ndi mmodzi, atandanda mizere iwiri. Pambali panali a Agustino, bambo wa ndevu amene amazungulira maukwati ndi wailesi ya kaseti, masipika awiri ndi batire ya galimoto, zonse pa njinga. Nyimbo inali ya ku Joni, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa chimene inkanena. Masitepe ake anali awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo, kutembenuka, kugwedeza phewa. Ankavina mogwirizana kwambiri. Anali atayamba kuyeserera masabata atatu voti ija isanachitike.

"Amayi! Mwabwera ndi chiyani? Bwanji osatumiza uthenga?"

"Ndabwera ndi mapazi. Zimitsa chinthucho."

"Mayi, ingotha kaye iyi," anatero a Agustino.

"Inu bambo, ndikulankhula ndi mwana wanga."

Kaseti inazima. Awiriwo anapita kuseri kwa mulu wa matumba a chimanga.

"Akukukakamiza eti? Usaope. Nthawi yoopa inatha, amatero pa wailesi."

"Palibe wandikakamiza, amayi. Ndinapempha ndine."

Kumsewu waukulu kondakitala wa minibasi ankaitanira anthu opita ku Lilongwe.

"Nyimbo yako ndinaiyamba uli ndi masiku atatu."

"Ndikuidziwa. Ndaimva m'chigafa moyo wanga wonse. Muli Michesi, muli agogo a ku Phalombe omwe sindinawaonepo, muli lole, muli mzere wa matenanti. Mukufuna muime pamaso pa abale onse a Fletcher, aphunzitsi, akulu a mpingo, n'kuwauza ndi ng'oma kuti uyu ndi wobwera. Ine ndinabadwira kuno, amayi. Kusukulu ndinali wobwera. Ku kwaya ndinali wobwera. Tsiku limodzi lokhali ndikufuna ndingolowa ngati munthu."

"Ngati munthu wa ndani? Wa batire?"

"Amayi!"

"Kasetiyo ikudziwa dzina lako? Nsapato ikakuluma, ikudikira? Iwe ukuganiza kuti akuchimunawo sakudziwa kumene unachokera? Akudziwa. Ine ndikanakunena mokweza, mutu uli m'mwamba. Iwowo azikunena chapansipansi, ukangotuluka m'nyumba."

Tadala analira, koma maganizo sanasinthe. Kuuma mutu anatengera kwa amake.

Kwa masiku atatu Mayi Lines ankasankha fodya mwaukali moti kapitawo, amene anali atakonza mawu owakalipira chifukwa chothawa ntchito, anaona kuti mawuwo angadikire. Tsiku lachinayi a Isake, munthu amene amalankhula kamodzi pa dzinja, anavala nsapato, anatenga ankhoswe a mbali yawo, napita kwa a Howard. Ananena chinthu chimodzi chokha: akazi awo akapanda kuimba, pa mzere wonse wa matenanti sipabwera munthu. A Howard anakumbuka msanga kuti Komiti Yoona za Nkhuni, Madzi ndi Kuphika yonse inali matenanti, poti pa komiti imeneyo sipanali mpikisano.

Zokambirana zinabala mgwirizano. A Howard anaulengeza pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, Mayi Lines atakhala pa mphasa.

"Mu demokalase palibe wogonja. Mkwatibwi adzalowa kawiri. Koyamba ndi kaseti, chifukwa cha alendo. Kenako adzatuluka, n'kulowanso pa zitenje, ndi nyimbo ya amake, yonse, osadula. Mwanayo wavomera, ndipo wataipa yekha pa pulogalamu. Nayi. Zolembedwa sizinama."

Mayi Lines anapatsira pepalalo amuna awo. A Isake sadziwa zilembo, koma manambala amawadziwa chifukwa cha mabelo a fodya. Anatsetsereka ndi chala mpaka pamene a Howard analoza.

"Fotini," anatero. "Zonse zilipo sikisitini."

"Zabwino zimabwera kumapeto," anatero a Howard.

"Nanga lole?" anafunsa Mayi Lines. "Bwana wa esiteti watibwereka yotenga anthu a pa mzere, koma akuti 4 koloko inyamuke. Ikukapakira mabelo a ku okishoni."

"Pofika 3 koloko tidzakhala titamaliza zonse. Ine ndayendetsapo misonkhano ikuluikulu."

"Ndikudziwa," anatero Mayi Lines. "Ndinaliko."

Komabe anavomera, ndipo analonjeza kuti pa kulowa koyambako adzakhala chete pa tebulo lawo. Munthu amene wasunga nyimbo zaka makumi awiri amalandira ngakhale nambala 14. Amayi asanu ndi atatu anachapa zitenje zawo zabwino kwambiri. A Kezia anasintha chikopa cha ng'oma. Masabata asanu ankayeserera kuseri kwa chigafa akaweruka, mkazi wa kapitawo ali m'malo mwa mkwatibwi, atavala nsapato za mwamuna wake kuti azidzandira.

Ukwati unachitika Loweruka pa 9 Seputembala. Mwambo wa m'tchalitchi unatha 11 koloko. Mlendo wolemekezeka anafika hafu pasiti wanu, ndipo popeza mkwatibwi sakanalowa mu holo mlendo asanakhale pansi, akwati anadikira m'tchalitchi maola awiri ndi theka. Mayi Lines anadikira pa tebulo lapamwamba, chipewa cha eni ake chikuwafinya mutu, magolovesi atabisa manja amene fodya anawadetsa kalekale. Pamene anakhalapo ankaona bwino njira yonse kudzera pa chitseko.

A Agustino anadina batani. Masipika anakuwa. Mizere iwiri inatuluka m'tchalitchi, akwati ali pambuyo: awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo, kutembenuka. Chinthu chimene Komiti Yaing'ono sinachiganizire n'chakuti kuseri kwa sitolo ya ku Mponela kunali simenti. Kuno kunali dothi la Seputembala, ndipo ndi masitepe amenewa malo alionse ankapondedwa katatu ndi anthu khumi ndi awiri mkwatibwi asanafikepo. Fumbi linakwera. Anthu anaimba nthungululu akutsokomola. Chapakati pa njira nsapato ya Tadala inapindika, anagwira mkono wa Fletcher, nyimbo inangopitirira, ndipo anachita kudumphadumpha kuti apezane nawo anzake.

Atatsala mapazi ngati makumi anayi kuti afike pa holo, nyimbo inatha. Inali ya mphindi zisanu, njira inali ya mphindi zisanu ndi imodzi. A Agustino, posunga moto wa batire, anatulutsa kaseti, anailowetsa cholembera pa bowo, nayamba kuizungulitsa m'mwamba kuti ibwerere poyambira. Gulu lonse linaima padzuwa, zii. Kunkangomveka kaseti ikulira pa cholembera.

Pambali pa khoma panaima amayi asanu ndi atatu, zitenje zochapa zili pamapewa. A Kezia anasuzumira pa chitseko, dzanja lili kale pa ng'oma, nayang'ana a Lines. Panangofunika liwu limodzi. Mayi Lines anadzuka theka, pakamwa patatseguka. Anayang'ana mwana wawo. Tadala anali ataweramitsa mutu monga achitira mkwatibwi, koma pansi pa velo anapukusa mutu pang'ono, kamodzi. Mayi Lines anakhalanso pansi, naluma chala cha golovesi. Pa anthu onse amene analonjezapo kanthu pa ukwati umenewu, iwo ndiwo anali oyamba kusunga mawu awo.

Kaseti inayambiranso. Tadala anafika pa mpando wake diresi litafiira mpaka m'mawondo.

"Zamakono zimenezi," mlendo wolemekezeka anauza Mayi Lines mokondwa. "Dziko likupita patsogolo, mayi."

"Awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo," anayankha iwo. Mlendoyo anagwedeza mutu, poganiza kuti akugwirizana naye.

Pulogalamu inayamba 2 koloko itadutsa. Nambala 1 linali pemphero. Nambala 2, mawu olandira alendo ochokera kwa wapampando. Nambala 3, kuonetsa Komiti Yaikulu, mmodzimmodzi. Nambala 4, kuonetsa makomiti aang'ono, ndipo apa a Howard anaonetsedwanso. Nambala 5 ndi 6 zinali kwaya ziwiri zimene sizigwirizana, choncho iliyonse inaimba nyimbo zitatu kuti inzake isaipose. Nambala 7, wapampando kuitana mlendo wolemekezeka kuti alankhule, zimene zinatenga mphindi makumi awiri. Nambala 8, mlendo wolemekezeka. Iyeyu analonjeza mlatho, mijigo inayi ndi malata a tchalitchi. Ananenanso kuti boma latsopano limalemekeza amayi ndi chikhalidwe chathu, ndipo silidzalola kuti mayi aliyense atsekedwenso pakamwa. Anthu anawomba m'manja. Ali pakati pofotokoza za mlatho kachiwiri, kunja kunalira hutala ya lole.

Mayi Lines anadzuka, anazungulira kuseri kwa mipando, nagwira a Howard paphewa.

"Lole ikunyamuka. Ikani fotini panopa."

"Asewere, mlendo akulankhula."

"Akamaliza. Oyala zitenje onse ndi a pa loleyo. A Kezia ndi a pa loleyo. Ndiimba ndi ndani, ndi inu?"

"Pulogalamu inavomerezedwa ndi Komiti Yaikulu. Kusintha kulikonse kumafunika msonkhano."

"Komiti yonseyo si iyi ili pa tebulo pano ikudya nkhuku? Kumanani."

"Msonkhano umafunika chidziwitso cha masiku asanu ndi awiri."

Hutala inaliranso, nthawi ino mosalekeza. Amayi a pa mzere anayamba kutuluka m'khitchini akupukuta manja, poti lole ya bwana sidikira tenanti, ndipo amene yamusiya amakhala ndi mlandu Lolemba. Mayi Lines anavula chipewa, anavula magolovesi chala ndi chala, naziika zonse m'mbale ya a Howard, pamwamba pa mpunga.

"Bwezani kwa eni ake. Udindo ndatula."

Podutsa pa mpando wa akwati anaima. Mkwatibwi salankhula pa tsiku lake, koma Tadala anadzutsa maso. Amake anawerama, anagwira mpendero wa diresi, anaukutumula kamodzi. Fumbi silinachoke.

"Uviike m'madzi ozizira," anatero. "Otentha amakhazikitsa dothi."

Anatuluka. A Isake anatsala, poti mawu a bambo a mkwatibwi anali pa nambala 12. A Howard, ataona anthu akucheukira kukhomo, anapempha maiki kwa mlendo wolemekezeka kwa kamphindi. Anatsimikizira onse kuti mayi a mkwatibwi angotuluka kukapuma mphepo, kuti nambala 14 ilipo ndipo sinachotsedwe, kuti mkwatibwi alowanso pa zitenje monga komiti inalonjezera, ndiponso kuti mu nyengo yatsopanoyi palibe amene adzasiyidwe m'mbuyo. Mawuwo anamveka bwino mpaka pa lole, chifukwa masipika a a Agustino ndi amphamvu.

Pa lolepo amayi anakhala pa zitenje zawo zopinda, zoyera monga anazichapira. A Kezia anaika ng'oma pamiyendo.

"Amake Tadala, tiimbe m'njiramu?"

"Tiimbire ndani? Mabelo?"

Lole inanyamuka 4 koloko itadutsa ndi mphindi khumi. Holo ya sukulu ilibe magetsi. Dzuwa linalowa pulogalamu ili pa nambala 11.